Kuchokera ku Kafue Kufikira ku Walvis Bay: Mbiri ya Nsomba za m'Makomboni a Lusaka

1.0 Mawu Oyamba

Mzinda wa Lusaka uli kutali ndi nyanja yamchere. Munthu wofuna kuona madzi a mchere kuchokera mumzindawu ayenera kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kupita ku Beira, kapena opitirira 2,000 kupita ku Walvis Bay. Pa chifukwa chimenechi wina angaganize kuti nkhani ya usodzi wophwanya malamulo ndi malonda a nsomba a pakati pa mayiko ndi ya eni magombe okha, ndipo siikhudza mayi wa ku Kanyama kapena ku Chawama amene akusakasaka ndiwo za madzulo. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti maganizo otere ndi olakwika.

Tilondola mbiri ya nsomba zimene zakhala zikudyedwa m'makomboni a Lusaka kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kufikira lero. Mfundo yathu ili pawiri. Poyamba, nthawi iliyonse imene nsomba zachepa m'madzi a pafupi, msika wa m'tauni wasamukira ku madzi a patsogolo, mpaka unakafika ku nyanja ya Atlantic. Kachiwiri, m'mbiri yonseyi dzina loti wophwanya lamulo lakhala likugwera msodzi wosauka, pamene kupulula kwakukulu kwachitika ndi anthu okhala ndi ndalama, zombo zazikulu ndiponso ziphaso za boma. Popeza owerenga athu ambiri ndi aphunzitsi a chiyankhulo, tiyang'ananso mawu amene malonda amenewa abala, chifukwa mawuwo ndi mboni ya mbiriyi.

2.0 Makomboni ndi Ndiwo Zake

Lusaka inakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, boma la atsamunda litasamuka ku Livingstone. Amene anajambula mapulani a mzindawu sanaganizire zoti Afirika adzakhazikikamo ndi mabanja awo. Antchito ankagona m'timisasa pa malo a owalemba ntchito, pa mafamu, pa migodi ya miyala ndi pa malo oumbira njerwa. Malo otere pa Chingerezi ankatchedwa compound, ndipo m'kamwa mwa anthu mawuwa anasanduka komboni. Matero anamangidwa ndi khonsolo ya mzinda kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma Kanyama, Kalingalinga, George ndi Chawama anakula okha popanda chilolezo. Mtendere anakhazikitsidwa mu 1967 ngati malo opimidwa ndi boma oti anthu adzimangire okha nyumba. Lamulo la nyumba la 1974 ndi limene linatsegula njira yoti ena mwa makomboniwa avomerezedwe ndi kukonzedwa.

Chiwerengero cha anthu chinakwera mwamsanga. Mu 1963 mumzindawu munali anthu pafupifupi 123,000. Mu 1969 anali atapitirira 260,000. Mu 1980 anali atapitirira theka la miliyoni. Ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Ambiri mwa anthuwa amakhala m'makomboni, ndipo aliyense amafuna nsima ndi ndiwo tsiku ndi tsiku.

Kwa banja lopeza movutikira, nsomba zouma zili ndi ubwino umene nyama ilibe. Sizifuna firiji, sizitha makala ambiri pa mbaula, ndipo zimagulika pang'onopang'ono molingana ndi ndalama ya tsikulo. Chuma cha Zambia chitayamba kulowa pansi mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndiponso mitengo ya zinthu itamasulidwa kuyambira mu 1991, kugula pang'onopang'onoku kunakhala moyo wa anthu ambiri. Chinyanja cha mu Lusaka chili ndi mawu osonyeza zimenezi. Kantemba ndi kagolosale ka pakhomo kapena m'mbali mwa msewu. Pamela ndi kapaketi ka ufa wokwanira mphika umodzi. Meda ndi chitini choyezera nyemba, mtedza ndi kapenta pamsika. Mayi wogulitsa amakagula thumba kapena meda ku msika wa Soweto, n'kukagawa timilu ting'onoting'ono ku Matero kapena ku Mtendere. Nsomba zing'onozing'onozi zimadyedwa zathunthu, mutu ndi minga yomwe, motero zimapatsa thupi kashiamu, ayironi ndi vitamini A. M'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, kamulu ka kapenta si nkhani yaing'ono.

3.0 Madzi Oyamba: Kafue ndi Luapula

Madzi a nsomba oyandikana kwambiri ndi Lusaka ndi madambo a mtsinje wa Kafue. Eni madambowa, Atwa, Aila ndi Atonga, ankapha nsomba ndi mono, mikondo ndi mabiyo, ndipo madziwe ena anali ndi eni ake amene ankanena nthawi yoyamba kupha. Msika wa m'tauni utakula, makamaka maukonde a nayiloni atafika m'zaka za m'ma 1950, ku Kafue kunadzaza asodzi ochokera ku Luapula, ku Barotseland ndi ku Nyasaland. Alendowa sanali pansi pa miyambo ya eni nthaka, ndipo boma, limene linatenga mphamvu zoyang'anira madzi, linalibe anthu okwanira oyendera magombe. Pambuyo pake madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi, amene anamangidwa m'zaka za m'ma 1970 kuti apereke magetsi, anasokoneza nyengo ya kusefukira kwa madzi imene nsomba zimadalira poswana.

Chitsanzo choyamba cha kutheratu kwa mtundu wa nsomba chinaoneka kumpoto. Mumtsinje wa Luapula ndi nyanja ya Mweru munali nsomba yotchedwa mpumbu, imene akatswiri amati Labeo altivelis, yofanana ndi nchila ya m'nyanja ya Malawi. Chaka chilichonse mpumbu inkakwera mtsinje mwaunyinji kukaikira mazira. Makampani a migodi ku Katanga ndi ku Copperbelt ankafuna nsomba zodyetsa antchito awo, ndipo amalonda ochokera kunja, ambiri a iwo Agiriki okhala ku Kasenga kutsidya la Congo, anabweretsa mabwato a injini, maukonde aakulu ndi madzi oundana. Ankatchinga nsombazo pa ulendo wake wokaswana, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1950 mpumbu inali itasowa. Katswiri wa mbiri David Gordon anafotokoza nkhaniyi m'buku lake la Nachituti's Gift la 2006. Chofunika kuchionetsetsa pano ndi chakuti amene anamaliza mpumbu sanali akuba obisala usiku. Anali amalonda odziwika, ogulitsa kwa makampani odziwika. Ndondomeko imeneyi tiionanso kawiri m'munsimu.

4.0 Kapenta

4.1 Dzina Lake

Nsomba yaing'ono ya m'nyanja ya Tanganyika ili ndi mayina ambiri. Ku Tanzania amati dagaa, ku Burundi ndagala, ku Zambia kapenta. Kwenikweni ndi mitundu iwiri, Stolothrissa tanganicae ndi Limnothrissa miodon, ndipo ndi yosiyana ndi usipa wa ku Malawi ngakhale kuti kakonzedwe ndi kadyedwe kake n'kofanana. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu A. L. Epstein, polemba mu 1959 za mawu atsopano a Chibemba cha ku Copperbelt, anatchula mawu akuti kapenta ngati dzina la akazi a m'tauni opaka zofiira m'milomo, kuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kupaka utoto. Anthu ambiri amakhulupirira kuti nsombayi inatengera dzina kwa akazi amenewa, poti ndi ndiwo yosachedwa kupsa, yoyenera munthu amene alibe nthawi yokhala pamoto. Kufotokoza kumeneku kukutikumbutsa kuti kapenta, monga tikumudziwira lero, ndi chakudya cha m'tauni: kutchuka kwake kunabadwira ku migodi ndi m'makomboni.

4.2 Mpulungu

Doko la Mpulungu, kumwera kwa nyanja ya Tanganyika, ndilo gwero lakale la kapenta wa ku Lusaka, ndipo mpaka lero ogula amasiyanitsa wa ku Mpulungu, wokulirapo, ndi wa ku Siavonga. Asodzi a kumeneko ankakopa nsombazi usiku ndi miyuni, kenaka ndi nyali za parafini. M'zaka za m'ma 1960 kunafika zombo za makampani zozinga nsomba ndi makoka aakulu pakati pa nyanja. M'kupita kwa nthawi kapenta ndi nsomba zikuluzikulu za mtundu wa Lates zinachepa m'makoka a zombozi, ndipo makampani anatembenukira ku bukabuka, imene inkafika ku Lusaka youndana. Nayonso bukabuka itachepa, makampani ambiri anaimika zombo zawo n'kuyamba kungogula kwa asodzi ang'onoang'ono. Kafukufuku wasonyezanso kuti madzi a nyanjayi akutentha, zimene zikuchepetsa chakudya cha nsomba. Mayiko anayi a m'mbali mwa nyanjayi, Burundi, Congo, Tanzania ndi Zambia, anasainirana pangano loisamalira mu 2003, ndipo patapita zaka pafupifupi 20 anayamba kuitseka kuyambira pa 15 Meyi kufikira pa 15 Ogasiti kuti nsomba zipume.

4.3 Kariba

Nyanja ya Kariba ndi yopangidwa ndi anthu. Khoma la damu linamalizidwa mu 1959, ndipo Atonga a m'chigwa cha Gwembe pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za Zambezi. Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder analemba mwatsatanetsatane za mavuto amene anthuwa anakumana nawo. Nsomba za mumtsinje zinakhazikika m'mphepete mwa nyanja yatsopanoyo, koma pakati pake panali popanda kanthu. Choncho mu 1967 ndi 1968 akatswiri a boma la Zambia anatenga tiana ta Limnothrissa miodon ku Tanganyika n'kukatithira ku Sinazongwe. Pasanathe zaka zambiri kapenta anali atadzaza nyanja yonse, ndipo pambuyo pake anatsika ndi mtsinje mpaka ku Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique.

Usodzi wa malonda unayamba kumbali ya Rhodesia mu 1973, ndipo kumbali ya Zambia unayamba cha m'ma 1980, nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe itatha. Kaphedwe kake n'kotere: chombo chachitsulo chokhala pa migolo iwiri italiitali chimanyamula ukonde wozungulira, umene umatsitsidwa m'madzi usiku pamodzi ndi getsi lowala kwambiri. Kapenta akaunjikana pa kuwalako, ukondewo umakwezedwa. M'mawa amamuthira mchere n'kumuyanika pa thandala. Mwezi ukakhala wathunthu kuwala kwa getsi sikukopa nsomba, ndiye chifukwa chake masiku amenewo ndi opumula. Chombo chotere chimafuna ndalama zambiri, motero eni ake oyamba anali anthu achuma ochokera kwina. Atonga amene minda yawo inamizidwa anapezapo makamaka ntchito yokoka zingwe usiku.

Cha m'ma 1990 mayiko awiriwa pamodzi ankapha kapenta pafupifupi matani 30,000 pachaka. Akatswiri atawerengera mphamvu ya nyanjayi, maboma a Zambia ndi Zimbabwe anagwirizana mu 1999 kuti zombo zisapitirire 500: zombo 275 za Zimbabwe ndi 225 za Zambia. Panalinso malamulo oletsa kupha m'madzi osazama mamita 20 ndi m'mathiriro a mitsinje, mmene kapenta amaswaniramo, komanso oletsa maukonde a maso ochepera mamilimita 8. Koma pofika mu 2013 zombo zinali zitapitirira 1,000, zambiri zili kumbali ya Zambia. Zina zinalibe chiphaso, koma zambiri zinali nacho. Chombo chilichonse chinayamba kubwera ndi nsomba zochepa, ndipo poti eni ake anafuna kubweza ndalama za mafuta, anayamba kulowa m'madzi osaya oletsedwa aja. Antchito olipidwa molingana ndi makilogalamu a usikuwo nawonso anayamba kugulitsa kapenta mobisa kwa amabwato pakati pa nyanja. Apa tikuona kuti kuswa lamulo kwa munthu wamng'ono kunatsatira kuswa pangano kwa amene ankapereka ziphaso. Zotsatira zake zinafika ku Kalingalinga ndi ku George mwa njira imodzi yokha: kamulu ka kapenta kanachepa, mtengo wake n'kukwera, mpaka ndiwo imene inkatchedwa ya amphawi inayamba kupikisana mtengo ndi nyama.

5.0 Lamulo ndi Masikito

Lamulo la usodzi la Zambia la 1974, limene linalowedwa m'malo ndi lina mu 2011, limapatsa boma mphamvu yopereka ziphaso, yoletsa zida zina ndi yotseka madzi. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, madzi monga Kafue, Bangweulu, Mweru ndi Lukanga amatsekedwa, ndipo kunyamula kapena kugulitsa nsomba zochokera kumeneko n'koletsedwa. Zida ndi njira zoletsedwa zili ndi mayina ake m'ziyankhulo za eni madera: kutumpula, kumene ndi kumenya madzi pothamangitsira nsomba mu ukonde, chikukula ku Kafue ndi sefasefa ku Barotseland, amene ndi makoka a maso ang'onoang'ono okokolola chilichonse. Mayina awiri otsirizawa amadzifotokoza okha, pakuti kukukula ndi kusefa ndi ntchito zosasiya kanthu m'mbuyo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 mabungwe olimbana ndi malungo anagawa masikito mamiliyoni ambiri, ndipo ena mwa masikitowa anasokedwa pamodzi n'kusanduka makoka. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inalemba za mchitidwewu m'madambo a Bangweulu, ndipo kuchokera pamenepo msodzi wa masikito anakhala chithunzi cha usodzi woipa mu Afirika. N'zoona kuti khoka lotere limapha tiana ta nsomba ndi kusesa zisa zake. Komabe wolemba mbiri ayenera kufunsa kuti anthuwa anachokera kuti. Ambiri analowa m'madzi ntchito zitatha ku migodi ndi m'makampani a boma m'zaka za m'ma 1990, ndiponso ulimi utavuta chifukwa cha chilala ndi kudula kwa feteleza. Madzi anakhala pothawira pa aliyense wosowa pogwira. Kutentha makoka awo pagombe n'kosavuta ndipo kumaoneka bwino m'nyuzipepala, koma sikuchotsa chimene chinawabweretsa kumadziko, ndipo sikuchepetsa njala ya msika wa Soweto.

Nthawi yotseka madziyi imagwa m'dzinja, pamene ufa umadula ndipo mabanja amakhala akufunafuna ndalama za sukulu. Mpata umene nsomba za m'dziko zimasiya pamsika umafuna chotsekera. Mbali ina yatsekedwa ndi nsomba zowetedwa m'zikwere za m'madzi ku Siavonga, ulimi umene wakula kwambiri kuyambira cha m'ma 2011. Koma mbali yaikulu yatsekedwa ndi nsomba zochokera kunja, ndipo apa ndi pamene mbiri ya makomboni ikukumana ndi ya nyanja yamchere.

6.0 Nsomba za ku Nyanja Yamchere

Mu 2004 mlatho wa pa Zambezi pakati pa Katima Mulilo ndi Sesheke unatsegulidwa, ndipo magalimoto okhala ndi mafiriji anayamba kuyenda mosaduka kuchokera ku Walvis Bay kupita ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Lubumbashi. Katundu wake wamkulu ndi nsomba imene akatswiri amati Trachurus capensis, imene ku Mozambique ndi ku Malawi imadziwika kuti karapao, pamene ku Lusaka ambiri amangoti mackerel. Pambali pa iyo panabweranso nsomba za mtundu wa chambo zowetedwa ku China. Mu 2016 nsomba zolowa m'Zambia zinapitirira matani 100,000, ngakhale kuti zina zinkangodutsa kupita ku Congo kudzera pa Kasumbalesa. Makatoni a karapao amagulidwa m'mashopu a mafiriji, ndipo amayi amakagulitsa imodziimodzi m'misika ya m'makomboni. Mwa njira imeneyi mwana wa ku Chawama, amene sanaonepo nyanja, amakula ndi nsomba ya m'madzi ozizira a Benguela.

Madzi amenewa ali ndi mbiri yake yowawa. M'mbali mwa gombe la Namibia mphepo imakankha madzi a pamwamba, ndipo ozizira a pansi amakwera ndi chakudya chambiri, n'chifukwa chake malowa anali amodzi mwa olemera kwambiri ndi nsomba pa dziko lonse. Pamene dzikolo linali m'manja mwa South Africa, panalibe boma lovomerezeka ndi mayiko onse loti n'kuteteza madziwo. Mu 1968 nsomba ya pilchard yokha inaphedwa matani pafupifupi 1.4 miliyoni, yambiri n'kugayidwa kukhala chakudya cha ziweto ndi mafuta, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 inali itatha. Zombo za ku Soviet Union, ku Spain ndi mayiko ena zinachita chimodzimodzi ndi nsomba ya hake. Bungwe la mayiko la ICSEAF, limene linakhazikitsidwa ndi pangano la 1969 kuti liyang'anire usodziwu, linkaika malire amene mamembala ake omwe sankawalemekeza. Pilchard itatha, mbalame za m'nyanja zimene zinkaidya, monga penguin, zinachepa kwambiri, ndipo m'malo mwake munachuluka zamoyo zofewa ngati phala zotchedwa jellyfish. Patapita zaka pafupifupi 40, mu 2018, boma la Namibia linaimitsa usodzi wa pilchard chifukwa inali isanabwererebe. Iyi ndi nkhani ya mpumbu yomwe ija, koma pa mlingo wa nyanja yaikulu.

Namibia italandira ufulu mu 1990 inalengeza kuti madzi a mtunda wa mamailo a panyanja 200 kuchokera kugombe ndi ake, monga pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982 limalolera. Mu Novembala chaka chomwecho inagwira zombo zisanu za ku Spain zimene zinkapha nsomba mwakuba, ndipo kwa zaka zambiri dzikoli linkatamandidwa ngati chitsanzo cha kasamalidwe kabwino. Karapao inakhala nsomba yochuluka koposa zonse m'usodzi wake, ndipo m'zaka za m'ma 2010 mlingo wololedwa unkapitirira matani 300,000 pachaka.

Mu Novembala 2019 kunaphulika nkhani imene inatchedwa Fishrot. Jóhannes Stefánsson, amene kale ankayendetsa ntchito za kampani ya ku Iceland yotchedwa Samherji ku Namibia, anapereka zikalata zambirimbiri kwa WikiLeaks ndi atolankhani, ndipo ananena kuti kampaniyo inkapereka ziphuphu kuti ipatsidwe gawo la karapao kudzera ku kampani ya boma ya Fishcor. Nduna ya zausodzi, Bernhard Esau, ndi nduna ya zachilungamo, Sacky Shanghala, anatula pansi maudindo awo ndipo anamangidwa mwezi womwewo. Iwo anakana milanduyo, akuluakulu a kampaniyo anakana kuti analamula zopereka ziphuphu, ndipo kuzenga mlanduwo kunachedwa kwa zaka zambiri. Si ntchito ya nkhani ino kuweruza anthu amenewa. Chimene tikufuna kuti owerenga aone ndi chakuti nsomba imene inali pakati pa mkanganowu ndi yomwe ija ya pa thebulo la mayi wa ku Matero, ndipo zombo zimene zinkaipha zinali ndi mapepala onse. Funso silinali lakuti kodi chiphaso chilipo, koma lakuti chinapezeka bwanji.

Vutoli si la Namibia yokha. Kafukufuku wina wa 2009 anayerekeza kuti nsomba zophedwa mophwanya malamulo kapena mosalembedwa pa dziko lonse zimakwana matani 11 miliyoni mpaka 26 miliyoni pachaka. Bungwe la FAO linanena kuti mu 1974 magulu a nsomba za m'nyanja zamchere 10 mwa 100 aliwonse ndi amene ankaphedwa mopitirira muyeso, koma mu 2021 anali atafika pafupifupi 38 mwa 100. Mayiko ayesa kuchitapo kanthu: SADC inasainirana pangano la usodzi mu 2001, pangano la FAO lokaniza zombo zakuba kukocheza pamadoko linayamba kugwira ntchito mu 2016, ndipo mu 2022 mamembala a WTO anagwirizana zoletsa maboma kuthandiza ndi ndalama zombo zophwanya malamulo. Mapangano onsewa amayang'ana gombe ndi doko. Katoni ikangokwera galimoto n'kuwoloka Zambezi, wogula wa ku Kanyama alibe njira yodziwira chombo chimene chinapha nsombayo.

7.0 Zimene Mbiriyi Ikutiphunzitsa

Tikaika pamodzi zimene taonazi, ndondomeko yake ikuoneka poyera. Ku Luapula, ku Tanganyika, ku Kariba ndi ku Benguela, zinthu zinayenda mofanana: msika waukulu unapezeka, a ndalama anabweretsa zida zamphamvu, malire anaikidwa mochedwa kapena anaikidwa koma osatsatidwa, nsomba zinachepa, ndipo amalonda anasamukira kwina. Amene sangathe kusamuka ndi msodzi wa pagombe ndi wogula wa m'komboni. Kale kusamukaku kunkatheka chifukwa kutsogolo kunali madzi ena osakhudzidwa. Lero msika wa Lusaka wafika kumapeto kwa mtunda. Karapao ikadzatsata njira ya pilchard, kuseri kwa Walvis Bay kulibe Kariba wina woti n'kuthiramo tiana ta nsomba.

Kwa ife a ziyankhulo pali phunziro lapadera. Ziyankhulo zathu n'zolemera ndi mawu otchulira kulakwa kwa msodzi wamng'ono: chikukula, sefasefa, kutumpula, kupha nsomba ndi katupe. Mawu amenewa mwana wa sukulu amawamva n'kuona chithunzi m'maganizo. Koma kulakwa kwa m'maofesi, monga kupereka ziphaso zopitirira pangano, kubisa kuchuluka kwa nsomba zophedwa, kusamutsira nsomba m'chombo china pakati pa nyanja, kapena kugulitsa gawo la dziko mwamseri, kumakambidwa m'Chingerezi cha m'malipoti, chimene ogulitsa ndi ogula nsomba sawerenga. Chotsatira chake n'chakuti pa wailesi ya Chinyanja wolakwa amakhala wa masikito nthawi zonse. Mawu oti katangale ndi ziphuphu tili nawo kale, ndipo palibe choletsa olemba mabuku a sukulu, omasulira nkhani ndi okonza madikishonale kufotokoza zinthu zimenezi momveka m'Chichewa. Anthu amene sangathe kutchula chinthu m'chiyankhulo chawo n'kovuta kuti afunse atsogoleri awo za chinthucho.

8.0 Mawu Otsiriza

Nkhani ino yasonyeza kuti ndiwo za m'makomboni a Lusaka zakhala zikuchokera kutali ndi kutali m'zaka 90 zapitazi: ku Kafue, ku Mpulungu, ku Siavonga ndi Sinazongwe, kenaka ku Walvis Bay. Yasonyezanso kuti kutha kwa nsomba m'malo onsewa sikungafotokozedwe ndi umphawi wa asodzi wokha, pakuti mpumbu, pilchard ndi kapenta wa ku Kariba zinachepa m'manja mwa anthu okhala ndi zilolezo. Kusamala madzi kumene kungapindulire anthu a ku Kanyama ndi ku George kuyenera kuyambira pa kaundula wa ziphaso, kuti aliyense adziwe amene wapatsidwa, kuchuluka kwa zimene wapatsidwa ndi chifukwa chake, kenaka n'kufika kwa msodzi wa pagombe. Akatswiri a mbiri ndi a ziyankhulo ali ndi gawo lawo pa ntchitoyi. Amayi amene agulitsa nsomba ku Soweto, ku Matero ndi ku Chawama kwa zaka 30 kapena 40 amakumbukira mitundu imene inasowa, miyezo imene inachepa ndi njira zimene zinasintha. Kulemba mawu awo ndi mayina a nsomba amene akuwadziwa, m'Chinyanja chimene amayankhula, ndi kafukufuku amene akudikira ophunzira a m'madipatimenti athu.